Kaseweredwe ka Makhadi Onamizana Pamodzi ndi Abale ndi Anzanu

Pa masewera a makhadi amene banja lingasewere pamodzi, ndi ochepa amene amaphunzirika msanga ngati masewera onamizana amene ku Britain amatchedwa Cheat, pomwe ku America ena amawatchula kuti I Doubt It. Safuna cholembera kapena pepala lolembapo zigoli, ndipo mwana amene wadziwa kuwerenga mpaka 13 angathe kukhala pa tebulo limodzi ndi agogo ake n'kuwagonjetsa. Cholinga chake ndi chimodzi: kukhala woyamba kutha makhadi onse m'manja. Makhadiwo amaikidwa pakati movundikira, woika amanena ndi pakamwa zimene waika, ndipo malamulo amamulola kunama malinga ngati sagwidwa. Anthu ambiri amayesa kuti wopambana ndi amene amatha kuumitsa nkhope, koma amene wasewerapo kwa nthawi amadziwa kuti kuwerengera ndi kukonzeratu n'kumene kumapambanitsa, ndipo malangizo awa atsamira kwambiri pamenepo.

Zokonzekera

Pezani paketi imodzi ya makhadi 52 ndipo muchotsemo ma joker. Paketiyi ili ndi nambala 13, zomwe ndi A, 2 mpaka 10, J, Q ndi K, ndipo nambala iliyonse ili ndi makhadi anayi. M'masewerawa zilibe kanthu kuti khadi ndi lofiira kapena lakuda, chifukwa chimene chimawerengedwa ndi nambala yokha, ndipo zilembo zija nazonso tizingozitcha nambala. Osewera akhale atatu kapena kuposerapo. Anthu awiri sizikoma, popeza khadi limene mulibe ndiye kuti lili kwa mnzanuyo kapena pamulu, ndipo bodza limasowa pobisala. Anayi kapena asanu ndiye amakwanirana bwino ndi paketi imodzi. Mukachuluka kuposa 6, phatikizani mapaketi awiri kuti makhadi akhale 104, koma muzikumbukira kuti tsopano nambala iliyonse ili ndi makhadi 8. Yang'ananinso kumbuyo kwa makhadi onse, chifukwa khadi lopindika pakona kapena lothimbirira limadziwika ngakhale litavundikiridwa, ndipo limodzi lokha lotere ndi lokwanira kuwononga masewera.

Sakanizani makhadiwo mokwanira. Izi n'zofunika kwambiri pano kusiyana ndi m'masewera ena, chifukwa osewera amasanja makhadi awo potsata nambala, ndiye masewera akatha paketi imakhala itaunjikana ma 7 paokha, ma K paokha. M'chaka cha 1992, akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anasonyeza kuti paketi ya makhadi 52 imasakanikirana bwino ikagawidwa pakati n'kulowetsedwa mbali ziwirizo mopiringizana maulendo pafupifupi 7. Ngati simutha kusakaniza motero, mwazani makhadi onse patebulo movundikira, muwavundule ndi manja kwa kanthawi, kenako muwasonkhanitse.

Wogawa agawe limodzilimodzi kuyambira kumanzere kwake mpaka makhadi onse atha. Mukakhala anayi aliyense amalandira 13. Mukakhala atatu, mmodzi amalandira 18 ndipo ena 17, pomwe mukakhala asanu awiri amalandira 11 ndipo atatu 10. Kusiyana kwa khadi limodzi kumeneku musakudandaule, ndipo ntchito yogawa ikamazungulira kumadzilinganiza kokha.

Zoti mugwirizane musanaone makhadi

Mikangano yambiri m'masewerawa imachokera pa mfundo zimene sizinakambidwe poyamba, chifukwa pafupifupi aliyense anaphunzira malamulo osiyana pang'ono ndi a mnzake. Choyamba, sankhani mawu amodzi otsutsira. Pakati pa anthu amsinkhu umodzi, kufuula kuti "Bodza!" kumasangalatsa, koma patebulo pamene pali makolo, apongozi kapena agogo, mwana amachita manyazi kuwatchula abodza ndipo amangokhala chete ngakhale ali ndi umboni m'manja. Mawu akuti "Ndakayika" amathetsa vutoli, chifukwa mdzukulu angathe kunena kuti "Agogo, pamenepo ndakayika" popanda aliyense kumva kuti wachitidwa chipongwe.

Chachiwiri, gwirizanani za nthawi yotsutsira. Lamulo labwino ndi lakuti mwayi wotsutsa umatha pamene wosewera wotsatira waika makhadi ake pamulu, ndipo wotsatirayo azidikira kamphindi asanaike, kuti asapulumutse mnzake mwa kufulumira. Anthu awiri akatsutsa nthawi imodzi, amene wakhala pafupi kumanzere kwa woika ndiye awerengedwe. Chachitatu ndi nkhani ya kuchuluka kwa makhadi. Ena amalola kuti munthu anene kuti waika awiri pamene watsetsereka atatu, ndipo akagwidwa amalangidwa monga wabodza aliyense. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli ndi loyenera osewera ozolowera okha, chifukwa limakondera amene ali ndi manja aakulu ndi ochenjera, ndipo ana amangoluza osadziwa chimene chawagwera. Kwa oyamba kumene, lamulani kuti chiwerengero chikhale choona nthawi zonse, makhadi aziikidwa limodzilimodzi aliyense akuona, ndipo bodza likhale pa nambala yokha. Kubisa khadi m'thumba, kulikhalira kapena kusuzumira m'manja mwa mnzanu si mbali ya masewera, ndipo aliyense akafunsidwa kuti watsala ndi makhadi angati ayenera kuyankha zoona.

Kayendedwe ka masewera

Woyamba ndi amene wakhala kumanzere kwa wogawa, ndipo nambala yake ndi A. Amatenga khadi limodzi, awiri, atatu kapena anayi, n'kuwaika pakati movundikira, akunena momveka kuti, mwachitsanzo, "Ma A awiri." Wotsatira kumanzere ayenera kuika ma 2, winayo ma 3, ndipo zimapitirira motero mpaka 10, J, Q ndi K, kenako n'kuyambiranso pa A. Palibe kudumpha: ikafika nthawi yanu muyenera kuika khadi ngakhale limodzi, ndipo ngati mulibe nambala yofunikayo, muika lina lililonse n'kulitchula dzina la nambala imene ikufunika. Apa ndiye pamene pagona masewera onse, chifukwa ngakhale munthu woona mtima chotani amakakamizika kunama.

Aliyense amene wakayika angathe kutsutsa, osati wotsatira yekha. Pakamveka mawu otsutsa, masewera amaima ndipo amavundukulidwa makhadi okhawo amene angoikidwa kumene, osati mulu wonse. Ngati ngakhale limodzi mwa iwo silikugwirizana ndi zimene zinanenedwa, woika amanyamula mulu wonse n'kuuphatikiza ndi makhadi ake. Ngati onse ndi oona, wotsutsa ndiye amanyamula muluwo. Zikatero masewera amapitirira kwa wosewera wotsatira ndi nambala yotsatira, ngati kuti palibe chachitika. Pali mabanja amene amati wopambana mkangano ndiye ayambe mulu watsopano ndi nambala iliyonse imene akufuna, ndipo zimenezo n'zololedwa ngati mwagwirizana, koma malangizo otsatirawa akutengera lamulo loyambalo, limene silisokoneza mndandanda.

Dziwani nambala zanu zisanafike

Popeza nambala zimatsatana ndipo osewera sasintha malo, mungathe kudziwiratu nambala iliyonse imene idzakugwereni kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Werengani A ngati 1, J ngati 11, Q ngati 12 ndi K ngati 13. Pa nambala imene mwangoika, wonjezerani chiwerengero cha osewera, ndipo yankho likapitirira 13 muchotsepo 13. Tinene kuti muli anayi ndipo inu ndinu woyamba. Nambala zanu zidzakhala A, 5, 9, K, 4, 8, Q, 3, 7, J, 2, 6, 10, kenako A kachiwiri. Mukakhala atatu, woyamba amakumana ndi A, 4, 7, 10, K, 3, 6, 9, Q, 2, 5, 8 ndi J. Mwaona kuti nambala zonse 13 zimakufikani musanabwerere pa yoyamba, ndipo zili chonchi chifukwa 13 sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iye mwini.

Mukangolandira makhadi, asanjeni m'manja motsatira mndandanda umenewu, osati kuyambira laling'ono mpaka lalikulu monga amachitira ambiri. Makhadi amene nthawi yake ili pafupi akhale mbali imodzi, ndipo amenewo ndi chuma chanu, chifukwa mudzawaika mukunena zoona. Amene nthawi yake ili kutali akhale mbali inayo, ndipo amenewo ndiwo oyenera kutayidwa pamene mukunama. Wosewera amene sanawerengere amati akakakamizika kunama amangosolola khadi lililonse, kenako n'kupeza kuti wataya lomwelo limene likanamupulumutsa ulendo wotsatira.

Tiyeni tione chitsanzo. Muli anayi, nambala zimene zikubwera kwa inu ndi 9, K, 4, 8 ndi Q, ndipo m'manja muli ndi K, 4, 4, Q, 2, 6 ndi 10. Pa 9 mulibe kanthu, choncho muika 10, amene ali kutali kwambiri pa mndandanda wanu, n'kunena kuti ndi 9 mmodzi. Pa K muika K weniweni pamodzi ndi 2 n'kunena kuti ndi ma K awiri. Pa 4 muika awiri aja mwachilungamo. Pa 8 munamanso ndi 6, ndipo mumalizira pa Q woona. Dongosolo limeneli lili ndi malo amodzi oopsa, omwe ndi pa 8, chifukwa pamenepo mudzakhala mwatsala ndi makhadi awiri ndipo maso a aliyense adzakhala ali pa inu. Njira ina ndi kufuna kumalizira pa ma 4 aja, koma zikatero muyenera kutaya makhadi anayi achinyengo m'maulendo awiri okha, zomwe ndi zovuta kubisa. Kusankha pakati pa njira ziwirizi kumadalira kukula kwa mulu ndiponso ngati anzanuwo ndi okonda kutsutsa, koma chachikulu n'chakuti mukhale mukusankha mukudziwa, osati m'chimbulimbuli.

Kanamidwe koyenera

Namani pamene mulu uli waung'ono. Mukagwidwa pa mulu wa makhadi atatu mwataya zochepa, ndipo nthawi zina mwapindula chifukwa mwa atatuwo mungapezeke khadi limene mukulifuna posachedwa. Mulu ukafika makhadi 20, kugwidwa kumakubwezerani kutali, ngakhale kuti n'zoonanso kuti mulu waukulu umaopseza otsutsa, popeza nawonso akalakwitsa ndiwo adzausenze. Nthawi yabwino koposa ndi pamene wina wangonyamula mulu ndipo akadali wotanganidwa kusanja makhadi ake, koma muzichenjera naye munthu ameneyo akamaliza kusanja, chifukwa tsopano ndiye amene akudziwa zambiri patebulopo.

Musakokomeze chiwerengero. Bodza la khadi limodzi silivuta kukhulupirira, la awiri limapitabe, koma la atatu kapena anayi limagwidwa ndi aliyense amene ali ndi makhadi awiri kapena limodzi la nambala imeneyo. Bodza lotetezeka kwambiri ndi limene lasakanizidwa ndi choona. Ngati muli ndi ma 7 awiri enieni n'kuwonjezapo khadi lachilendo limodzi kuti akhale atatu, amene angakugwireni motsimikiza ndi yekhayo amene ali ndi ma 7 onse awiri otsalawo, pomwe amene ali ndi limodzi amangoona kuti nkhaniyo ndi yotheka.

Za nkhope ndi mawu, langizo ndi lalifupi: chitani zofanana nthawi zonse. Ikani makhadi pa liwiro limodzi ndi mawu amodzimodzi, kaya mukunena zoona kapena ayi. Chimene chimaulula anthu ambiri si maso koma kuchedwa, chifukwa munthu amene ali ndi khadi lofunika amalisolola nthawi yomweyo, pomwe wopanda khadilo amayamba wayendetsa chala pa makhadi ake uku ndi uku. Mukasanja makhadi monga tafotokozera, mudzakhala mutasankha kale chimene muike nthawi yanu isanakwane. Mungathenso kutchera msampha pochita ngati mukuzengereza pamene muli ndi makhadi oona ndipo mulu ndi waukulu, kuti wina atsutse n'kuusenza. Msampha umenewu umagwira kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo mukauwirikiza anthu amaudziwa.

Kugwira wonama

Musadzidalire kwambiri pa luso lowerenga nkhope. M'chaka cha 2006, ofufuza Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wokhudza kuzindikira bodza, ndipo anapeza kuti anthu amalondola pafupifupi maulendo 54 pa 100 alionse, zomwe sizikusiyana kwenikweni ndi kungolota. N'zoona kuti mayi angadziwe kasekedwe ka mwana wake akamanama, koma umboni wodalirika uli m'manja mwanu momwemo. Pa paketi imodzi, nambala iliyonse ili ndi makhadi anayi basi. Wina akati waika ma 9 atatu inu muli ndi awiri, tsutsani mosazengereza. Ngati muli ndi ma J onse anayi, aliyense wonena kuti waika J akunama.

Pamene mulibe umboni wotere, masamu angakuthandizeni. Pa osewera anayi, makhadi atangogawidwa kumene, mwayi woti munthu alibiretu nambala imene yamugwera ndi pafupifupi 30 pa 100, woti ali ndi khadi limodzi ndi 44 pa 100, awiri ndi 21 pa 100, atatu ndi 4 pa 100, ndipo onse anayi zimachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 379. Choncho munthu akayamba masewera ndi mawu akuti "anayi", muli ndi chifukwa chokwanira chomukayikira. Ngati inu muli ndi awiri a nambala imeneyo ndipo iye akuti waika awiri, mwayi woti alidi ndi onse awiri otsalawo ndi pafupifupi 1 pa 10. Ziwerengerozi zimagwira ntchito koyambirira kokha. Wina akanyamula mulu zinthu zimasintha, chifukwa munthu wa makhadi 25 angakhaledi ndi atatu kapena anayi ofanana, ndipo kumutsutsa popanda umboni n'kudziputira mavuto.

Muzikumbukiranso zimene maso anu aona. Makhadi akavundukulidwa, onani amene wawanyamula, chifukwa tsopano mukudziwa kumene ali. Makhadi amene inu munaika pamulu, oona ndi abodza omwe, nawonso mukudziwa kuti apita kwa yani. Ngati munataya ma 5 awiri ndipo muluwo unanyamulidwa ndi mlongo wanu, ndiye kuti malume anu akadzati aika ma 5 atatu, mlongo wanuyo asanatayeko khadi lokayikitsa, nkhani yawo siyingakhale yoona. Simukuyenera kukumbukira paketi yonse. Nambala ziwiri kapena zitatu zimene mwazitsatira bwino n'zokwanira kukupatsani mpata wotsutsa mosaopa.

Pomaliza pa mfundoyi, dzifunseni ngati kutsutsako kukupindulirani inuyo. Munthu amene ali ndi makhadi ambiri akanama, palibe chifukwa choika khosi lanu pachiswe pofuna kumugwira, makamaka ngati inu mwatsala pang'ono kumaliza. Musiyireni wina. Woyenera kumulondalonda ndi amene makhadi ake akutha, ndipo ntchito yomutsutsa pamene palibe wotsimikiza imayenera amene ali kale ndi makhadi ochuluka, chifukwa iye akalakwitsa sataya zambiri.

Kusewera ndi ana ndi oyamba kumene

Sewerani ulendo woyamba makhadi a aliyense ali poyera, kuti wophunzira aone mmene kukakamizika kunama kumabwerera. Mwana wamng'ono angavutike kugwira makhadi 20 m'manja, choncho muloleni awayale kuseri kwa buku loimika kapena akhale pamodzi ndi wamkulu ngati gulu limodzi. Ndi bwinonso kumufotokozera momveka kuti bodza la pano ndi lamulo limene onse agwirizana ndipo limathera patebulo pomwepo. Akuluakulu apewe kumangotsutsa munthu mmodzi yemweyo, chifukwa wosenza milu itatu motsatizana amataya mtima ndipo sachedwa kudzuka. Ngati masewera akutalika, yesani lamulo lofala ku Britain lolola wosewera kusankha pakati pa nambala imene yangoikidwa, yotsatira pamwamba pake kapena yapansi pake. Lamuloli limachepetsa kunama kokakamizika ndipo makhadi amatha msanga, koma limachotsa mwayi wowerengeratu nambala zanu.

Kumaliza

Khadi lomaliza la munthu limatsutsidwa pafupifupi nthawi zonse, chifukwa enawo alibe chotaya: akakhala chete ndiye kuti agonja kale. N'chifukwa chake dongosolo lanu lonse liyenera kulunjika pa kumalizira pa khadi loona. Mukatsala ndi makhadi asanu kapena 6, sankhani nambala imene mukufuna kumalizirapo, muwerengere maulendo amene atsala kuti ifike, ndipo mugawe makhadi enawo m'maulendo amenewo osasiya ulendo uliwonse wopanda choika. Ngati mwaona kuti zimene muli nazo sizikugwirizana ndi nambala iliyonse yapafupi, nthawi zina ndi bwino kutsutsa dala pa mulu waung'ono kuti muunyamule ndi kupezamo khadi lomalizira.

Amene waika makhadi ake omaliza osatsutsidwa, kapena watsutsidwa n'kupezeka kuti ananena zoona, ndiye wapambana. Mungathe kuimira pamenepo n'kugawanso, wopambanayo kapena wotsatira kumanzere akhale wogawa, kapena mungapitirize kuti mupeze wachiwiri ndi wachitatu. Mukasankha kupitiriza, muwerengerenso mndandanda wanu nthawi yomweyo, chifukwa osewera akatsika kuchoka pa anayi kufika pa atatu, mudzakhala mukuwonjezera 3 m'malo mwa 4, ndipo makhadi amene munawasunga kuti ndi apafupi angakhale kuti tsopano ndi amene muyenera kuyamba kuwataya.